Batire Lachiwiri: Mbiri ya Magetsi a Paulendo ku Kafue Estates

Batire lachiwiri ndi limene eni magalimoto oyenda m'misewu yovuta, monga Land Rover, Land Cruiser ndi Hilux, amawonjezera kuti liziyendetsa firiji, nyali ndi wailesi injini ikazima. Batire lobwera ndi galimoto ntchito yake yaikulu ndi imodzi, kuliza injini. Galimoto ikamayenda, mabatire onse awiri amatchajidwa ndi alternator imodzi, koma ikaima amalekanitsidwa, kuti ngakhale firiji ichezere usiku wonse pamsasa, m'mawa injini ilire ndithu. Nzeru imeneyi sinabadwire ku Kafue. Komabe tauniyi, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, inaidziwa kuchokera mbali ziwiri: apaulendo opita kutchire amadutsa pomwepo, ndipo nyumba zake za Kafue Estates zinamangidwira amisiri pa nthawi imene aliyense ankakhulupirira kuti magetsi a m'mawaya sadzasowanso.

Kafue inakula chifukwa cha mtsinje ndi njanji. Mlatho wa sitima unawoloka mtsinje wa Kafue mu 1906, pamene njanji yochokera ku Livingstone inkalunjika ku mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe. Msewu waukulu unadza pambuyo. Mpaka pano, woyendetsa galimoto akangowoloka mlatho kumwera kwa tauni amafika pamphambano. Njira ina imatsetsereka m'mapiri kupita ku Chirundu, ku Siavonga ndi kuchigwa cha Zambezi. Ina imakhotera ku Mazabuka ndi ku Monze, kumene kumapatukira msewu wa ku Lochinvar, m'madambo a Kafue. Nkhalango yotchuka ya Kafue National Park, ngakhale ili ndi dzina lomwelo, ili kutali kumadzulo, ndipo ochokera ku Lusaka amaifika podzera ku Mumbwa. Choncho magalimoto osenza mahema padenga amene amaima ku Kafue kuthira dizilo, ambiri amakhala akulowera ku Zambezi kapena kumwera.

M'zaka zoyambirira za atsamunda, ulendo wa kutchire unalibe magetsi m'pang'ono pomwe. Mabwana a boma ndi alenje ankayenda wapansi kapena panjinga, amtengatenga atasenza mahema, mabokosi a chakudya ndi zitini za palafini. Kuwala kunkachokera ku nyali ndi kumoto. Nyama ankaiwamba kapena kuiyanika, ndipo madzi akumwa ankazizira m'thumba la nsalu yokhuthala lopachikidwa pamphepo. Komatu batire linalipo kale. Gaston Planté wa ku France anapanga batire la mtovu ndi asidi lotheka kulitchajanso mu 1859, ndipo mu 1912 magalimoto a Cadillac ku America anayamba kulizidwa ndi sitata ya magetsi ya Charles Kettering. Kungoti mphamvu yake inali yochepa. Magalimoto ambiri anali a 6V mpaka m'zaka za m'ma 1950, ndipo dayinamo yotchajira inkangodontheza injini ikamalira pang'onopang'ono. Land Rover, imene inatuluka ku Britain mu 1948 n'kudzakhala galimoto ya boma, ya amishoni ndi ya alimi ku Northern Rhodesia, inkabwerabe ndi chitsulo chopukusira injini. Batire likafa, dalaivala ankalowetsa chitsulocho pabowo la kutsogolo n'kupukusa mpaka injini ya petulo itsokomole. Kufa kwa batire kutchire kunali kotopetsa, koma sikunagoneke munthu panjira.

Misasa ya alendo itayamba kumangidwa, palafini analamulirabe. Kafue National Park inakhazikitsidwa mu 1950, ndipo m'nyengo yomweyo Norman Carr, wobadwira ku Chinde ku Mozambique, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya ku Luangwa kuti alendo azidzaona nyama ndipo ndalama zizipita kwa eni nthaka. Firiji ya m'misasa yotereyi inali ya palafini, yokhala ndi thanki pansi, chingwe, ndi kagalasi kotchingira lawi. Inkafuna kuima chilili, osapendekeka ngakhale pang'ono, ndipo lawi lake linkayenera kukhala labuluu. Likangosanduka lachikasu, mwaye unkadzaza mumpopi wa utsi, ndipo pofika m'mawa batala anali atasungunuka. Wogwira ntchito pamsasa ankasenga chingwe ndi lezala kuti chilingane, kupukuta kagalasi, n'kutsamiritsa miyendo ya firijiyo ndi timatabwa. Ikakanitsitsa kuzizira, ankaizondotsa mutu pansi tsiku lathunthu kuti mankhwala a m'mipope mwake ayendenso. Inkagwira ntchito bwino pamsasa wokhazikika, koma kuyenda nayo m'galimoto ikuyaka kunali kosatheka.

Kafue Estates inabadwa m'nyengo ina. Zambia italandira ufulu mu 1964, Ian Smith analengeza ufulu wa boma la azungu ku Rhodesia pa 11 November 1965, ndipo boma la Kenneth Kaunda linaona kuti silingapitirize kudalira kumwera pa mafuta, malasha, katundu ndi magetsi. Ngakhale makina opangira magetsi a ku Kariba anali kutsidya la Rhodesia. Kafue inasankhidwa kukhala tauni ya mafakitale. Kunabwera Nitrogen Chemicals of Zambia, yopanga feteleza ndi mankhwala opangira zophwanyira miyala m'migodi, imene inamangidwa ndi kampani ya Kobe Steel ya ku Japan n'kuyamba ntchito mu 1970. Kunabweranso Kafue Textiles, yowomba nsalu ndi thonje la m'dziko momwemo. Antchito ankafunika pogona, ndipo bungwe la boma la INDECO linamanga Kafue Estates motsata mapulani a kampani ya Constantinos Doxiadis, Mgiriki amene anajambulanso mzinda wa Islamabad ku Pakistan. Banja linkalowa m'nyumba n'kupeza mpopi wa madzi ndi switchi pakhoma zilipo kale. Kunsi kwa mtsinje, m'phompho la Kafue Gorge, kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia inamanga malo opangira magetsi amene anayamba kugwira ntchito mu 1971, patangotha chaka kampani ya boma ya magetsi ya ZESCO itakhazikitsidwa. Damu la Itezhi-Tezhi, kumtunda kwa mtsinje womwewo, litamalizidwa mu 1977, mphamvu ya malowa inafika mamegawati 900, ndipo kwa zaka zingapo dziko linali ndi magetsi otsala, ogulitsa ngakhale kunja.

Wokhala mu Estates analibe chifukwa choganizira za batire, kupatula la m'tochi. Amene analidziwa bwino anali a m'makomboni oyandikana nayo ndi a m'midzi ya asodzi m'mbali mwa mtsinje, kumene nyumba zambiri mawaya sanazifike. Kumeneko batire lakale la galimoto linkaliza wailesi ya kaseti, ndipo pambuyo pake wailesi ya kanema yopanda mitundu. Mphamvu ikamatha, chithunzi chinkayamba kufota m'mbali mpaka kutsala kachidutswa pakati, mpira uli mkati. M'mawa mnyamata ankalikweza pawilibala kapena kulimanga ndi mphira pakaliyala ya njinga kupita nalo kugalaja kukatchajitsa, ndipo mabowo a asidi pakabudula wake ankamuulula kuti ntchitoyo ndi yake. Mabatire otere sankachedwa kufa, pa chifukwa chomwecho chimene chinadzavutitsa apaulendo. Dziko linayesanso kupanga ake: ku Mansa kunatsegulidwa fakitale ya mabatire a tochi ndi wailesi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, yodalira manganese wa ku Luapula, koma inatsekedwa m'zaka za m'ma 1990, pamene a galimoto ankapangidwa ndi kampani ya Chloride ku Kitwe.

Zinthu ziwiri ndizo zinabala batire lachiwiri. China ndi alternator, imene Chrysler inayamba kuika m'magalimoto wamba mu 1960, yotchaja mwamphamvu ngakhale injini ikulira pang'onopang'ono. China ndi firiji yaing'ono ya kompresa yoyendera 12V, monga ya Engel imene kampani ya Sawafuji ya ku Japan inayamba kupanga m'zaka za m'ma 1960. Firiji yotere ilibe nazo ntchito za kupendekeka kapena mabampu. Nsomba, nyama, mankhwala ndi katemera zinatha kuyenda masiku ambiri zili zozizira. Koma inafika pamene injini za dizilo zinkachuluka ndipo chitsulo chopukusira chija chinkasowa. Wapaulendo ankagona firiji ikung'ung'udza, m'mawa n'kupotoza kiyi, n'kungomva kuti "ke-ke-ke" pansi pa boneti. Galimoto yolemera matani opitirira awiri, itaima mumchenga wa m'mphepete mwa Zambezi, sikankhika.

Vuto lili m'kati mwa batire momwe. Loliza injini lili ndi mapuleti a mtovu opyapyala koma ambiri, opangidwa kuti apereke mphamvu yaikulu kwa masekondi ochepa, kenako alternator ibweze msanga. Likamakamidwa pang'onopang'ono mpaka kuuma, mapuletiwo amachita nkhanambo ya mchere wa asidi ndipo amayoyoka. Zikachitika kangapo, batire lathera pomwepo. Lopangidwira ntchito ya pamsasa lili ndi mapuleti okhuthala, opirira kutsitsidwa ndi kudzazidwa kambirimbiri. Lamulo la amisiri linakhala lakuti batire loliza injini lili ngati chimanga cha mbewu: njala ingakule bwanji, sachigaya.

Njira zolekanitsira mabatire awiriwa zinasintha pang'onopang'ono. Yoyamba inali switchi yaikulu yopotoza pamanja, yotengera kumaboti, imene inkadalira kuti dalaivala asaiwale. Kenako kunabwera solenoid, yolumikiza mabatire kiyi akapotozedwa ndi kuwalekanitsa injini ikazima. Ena anayesa ma diode, olola magetsi kulowera mbali imodzi yokha, koma ameneŵa amadya pafupifupi 0.7V, ndipo batire lachiwiri silinkadzaza konse. Chimene chinakhalitsa ndi solenoid yodziyezera yokha, yodikira kuti batire loyamba likwere kupitirira 13V isanatsegulire lachiwiri.

Zaka za m'ma 1990 zinasintha Kafue kotheratu. Boma la Frederick Chiluba litalowa mu 1991, malonda anatsegulidwa, salaula ndi nsalu zakunja zinadzaza misika, feteleza wakunja anatsika mtengo, ndipo mafakitale awiri aja anayamba kudzandira. Antchito ambiri anachotsedwa, ena n'kudikira ndalama zawo zaka ndi zaka. Kuyambira 1996 nyumba zambiri za boma ndi za makampani ake zinagulitsidwa kwa okhalamo, choncho anthu anatsala ndi nyumba koma opanda ntchito. Tauni imene inaphunzitsa amisiri a magetsi, owotcherera zitsulo ndi okonza makina inawaona akufunafuna pogwira, ena m'magalaja a m'mbali mwa msewu waukulu. Nthawi yomweyo msewuwo unayamba kubweretsa makasitomala atsopano. Lower Zambezi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1983, inayamba kukopa alendo kudzera ku Chiawa, ndipo tsankho litatha ku South Africa mu 1994, anthu a kumeneko anayamba kukwera kumpoto m'magulu, mafiriji ndi zipangizo za makampani monga National Luna zili kumbuyo. Pamodzi nawo panali magalimoto a zipatala, a mipingo, a mabungwe othandiza ndi a oteteza nyama, amene kwa iwo firiji sinali ya zakumwa koma ya mankhwala.

Magalimoto akale ochokera ku Japan anabweretsa msampha wawo. Ma Land Cruiser ena a dizilo anali a 24V, okhala ndi mabatire awiri pansi pa boneti kuchokera kufakitale. Mwini wake ankayesa kuti batire lachiwiri ali nalo kale, n'kulumikiza firiji ya 12V ku limodzi mwa awiriwo. Koma ameneŵa amagwira ntchito molumikizana ngati batire limodzi, ndipo kukama limodzi kumachititsa kuti linalo lizipsa potchajidwa, mpaka onse awiri kufa. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotsitsa 24V kukhala 12V.

Ntchito yokweza mphamvu ya batire lachiwiri imayamba ndi masamu, ngakhale eni magalimoto ambiri amafuna kuyamba ndi kugula. Firiji ya malita 40 imatha kudya pakati pa 30Ah ndi 50Ah patsiku, malinga ndi kutentha ndiponso kuchuluka kwa nthawi zimene chivundikiro chikutsegulidwa. Batire la mtovu la 100Ah siliyenera kutsika kupitirira theka, choncho limapereka pafupifupi 50Ah basi: tsiku limodzi, kapena awiri nyengo ikakhala yozizira. M'mwezi wa October, pamene kuchigwa cha Zambezi kumatentha kupitirira madigiri 40, kompresa sipuma. Kutentha komweko kumadyanso batire: moyo wa la mtovu umatsika ndi theka kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 kupitirira 25, n'chifukwa chake kuliika pafupi ndi injini, ngakhale kumasunga malo, kumalifupikitsira masiku. Akalisamutsira kumbuyo, pamabuka nkhani ya waya. Mtunda wa mamita asanu kapena asanu ndi limodzi umafuna waya wonenepa, wa 16mm² kapena kuposa. Wowonda amataya mphamvu panjira ndipo amatentha. Fyuzi imafunika pafupi ndi batire lililonse, mbali zonse ziwiri, chifukwa waya akakhuzika pachitsulo cha chesesi m'msewu wa mabampu, moto ungachokere kutsogolo kapena kumbuyo. Pamenepa m'pamene mmisiri weniweni amasiyana ndi wongolumikiza: kumene waya akuboola chitsulo amaikapo mphira, ndipo nsonga zake amazipana ndi chopanira, osati kungozipota ndi kuzikulunga tepi.

Mabatire akale a madzi ankafuna kuwasamala. Mmisiri ankatsegula zotsekera zisanu ndi chimodzi, kusuzumira ngati mapuleti amira, kuthiramo madzi otchezedwa, ndi kutsuka ndi madzi otentha ufa woyera wobiriwirira umene umamera pamitu ya batire. Amatulutsanso mpweya woyaka potchajidwa, choncho sayenera kukhala m'kati momwe anthu akugona. Mabatire otsekeratu, a gel amene kampani ya Sonnenschein ya ku Germany inayamba m'zaka za m'ma 1950 ndi a AGM amene anadza pambuyo, anachotsa vuto limeneli, koma amafuna kutchajidwa mosamala. Ndipo pamene solenoid inkaoneka kuti yathetsa nkhani, magalimoto atsopano anabwera ndi alternator yolamulidwa ndi kompyuta, imene imatsitsa mphamvu batire loyamba likangodzaza pofuna kupulumutsa mafuta. Lachiwiri linkatsala ndi njala. M'malo mwa solenoid munalowa tchaja ya DC-DC, imene imalandira chilichonse chochokera kutsogolo n'kuchikweza kufika pa mlingo umene batire la kumbuyo likufuna, kawirikawiri pafupifupi 14.4V. Zambiri mwa tchaja zimenezi zimalandiranso magetsi a sola, ndipo panelo ya mawati 100 mpaka 200 yoyalidwa padzuwa imathandiza kuti msasa ukhale masiku angapo injini osaliza.

Kusintha kwakukulu kunadza ndi lithium. Sony inayamba kugulitsa mabatire a mtundu umenewu mu 1991, ndipo m'zaka zomwezo gulu la John Goodenough ku University of Texas linatulukira mtundu wa lithium iron phosphate, umene suchedwa kutchajika ndipo sugwira moto msanga. Ndiwo uli m'magalimoto a msasa lero. La 100Ah limalemera makilogalamu pafupifupi 12, pamene la mtovu limafika 25 kapena 30; limapereka 80Ah kapena kuposa popanda kuwonongeka, ndipo limapirira kutchajidwa maulendo zikwi zingapo. Mtengo wogulira ndi wokwera, ndipo silifuna kutentha kwa pansi pa boneti. Kulilumikiza molunjika ku alternator n'kuika alternator pachiswe, poti limakoka mphamvu mosadziletsa. Tchaja ya DC-DC pamenepa si yosankha.

Pofika nthawi imene zipangizozi zinkafala, magetsi a m'nyumba anali atayamba kuvuta. Mu 2015 ndi mu 2019 madzi anachepa ku Kariba ndipo ZESCO inayamba kugawa magetsi mwa maola. Malo atsopano a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, omangidwa ndi Sinohydro ya ku China, anayamba kupanga magetsi mu 2021 n'kumalizidwa mu 2023, koma nawonso amadalira mvula. Chilala chitakula, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February 2024 kuti dziko lili pangozi, ndipo chaka chisanathe madera ambiri ankakhala opanda magetsi mpaka maola 21 patsiku. Nyumba za mu Estates, zoyandikana ndi malo awiri aakulu opangira magetsi, zinali mumdima mofanana ndi zina zonse. Zimene zinapangidwira msasa zinalowa pabalaza: batire lopirira kutsitsidwa, inveta, panelo padenga ndi mababu a LED, zoyendetsa firiji, makina ometera, mafoni ndi nyali za m'khola la nkhuku. Masamu ake ndi omwe aja a pamsasa, zolakwika zakenso ndi zomwezo: waya wowonda, kusowa fyuzi, ndi batire loliza injini logulidwa motchipa kuti ligwire ntchito imene silinapangidwire.

Kuchuluka kwa mabatire kwakuzanso malonda a akufa. La mtovu silitayidwa, chifukwa ogula zitsulo zakale amalilipira pa kilogalamu ndipo mtovu wake umasungunulidwa n'kupangira atsopano. Choopsa ndi kuliphwanyira kuseri kwa nyumba, asidi n'kuthiridwa pansi ndipo mtovu n'kusungunulidwa pambaula, pomwe ana akusewera. Zambia ikuudziwa bwino mtovu: mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likupezekabe m'magazi a ana a m'tauniyo. Mu April 2022 Zambia ndi Democratic Republic of Congo anasainirana pangano ku Lusaka loti azipangira limodzi zipangizo za mabatire a magalimoto a magetsi, podalira kobalti ndi mkuwa wawo. Batire la lithium iron phosphate, lomwe lafala m'misasa ndi m'nyumba, lilibe kobalti n'komwe, ndipo ambiri amachokera ku China, monganso mapanelo ndi mainveta. Pa zonse zimene mmisiri wa ku Kafue amalumikiza m'galimoto yotere, chimene chingakhale cha m'dziko momwemo ndi waya, poti kampani ya ZAMEFA ku Luanshya imapanga mawaya ndi mkuwa wa ku Copperbelt.